Dzina la Pachikuto

"Ndati mundipatse makopewo, amake Tadala! Ndibwereze kangati?"

"Bwerezani mpaka lilime litupe. Makope awa satuluka m'nyumba muno ngati pachikuto pakalembedwenso dzina lanu."

Ine ndinali pakhonde panga ndikusenda nandolo. Nyumba yanga ndi ya mng'ono wanga Nester zalekana ndi mtengo umodzi wa mapeyala basi, ndiye musati ndinkachita kutchera khutu ayi, mawu ankabwera okha. Komanso amuna ake, alamu anga a Francisko Kalinde, akakwiya, ngakhale a ku Nchema amamva.

"Dzina, dzina, dzina! Dzinalo mudzadya? Mabuku atatu atuluka, sopo m'nyumba muno sasowa, Tadala ali ndi yunifolomu. Lero mwadzuka ndi dzina?"

"Amalemba mabukuwo ndani?"

"Nanga amapalasa njinga mpaka ku Namitambo dzuwa lili paliwombo ndani? Amakagwada kwa a Lajabu ku Limbe kuti ataipe msanga ndani? Mvula itanyowetsa katoni yonse chaka chatha, anayanika tsamba limodzilimodzi padenga ndani?"

"Kunyamula mwana wa mnzako si kubala, bambo a Tadala."

"Taonani mwano! Ine ndimakutchingirani inu, simudziwa? Anthu akadzamva kuti mayi wapabanja, woimba kwaya, ndiye amalemba za mnyamata kugwira mtsikana m'chiuno pamlatho, adzati chiyani? Mwamuna akalemba amati ndi luso. Mkazi akalemba amati ndi zimene amachita amuna ake akachoka."

"Anene. Ndatopa kumva anthu akukuitanani kuti abwana olemba, inu n'kumagwedeza mutu ngati munagonapo ndi njala chifukwa cha chiganizo chokanika."

"Walira mvula walira matope. Ine ndakuuzani."

Chitseko phwaa! Alamu anatuluka akukankha njinga, cholembera chili pathumba la malaya monga mwa masiku onse. Atandiona anati, "Mwaswera bwanji, alamu?" ngati palibe chachitika. Ndinayankha ndi mphuno.

Kunja kwa nyumba ija, chinsinsichi ndinkachidziwa ndine ndekha. Chibwerereni matipate anthu anamasuka, aliyense wokhala ndi nkhani ankatha kukaitaipitsa n'kumagulitsa popanda womufunsa. Timabuku tachikondi ta chikuto cha pinki timene atsikana ankabisa m'mabuku a sukulu kuyambira ku Mauwa mpaka ku Mbulumbuzi, tolembedwa "F. Kalinde" pamwamba, tonse tinkachokera m'mutu mwa Nester. Ankalembera kumunda masana akapumira pansi pa mango, kope atalibisa m'dengu pansi pa masamba a ndiwo. Akamaliza, alamu ankakopera zonse ndi dzanja lawo m'makope ena, makope a Nester aja n'kuwaotcha. Ankati n'kuopa kuti amayi a kumpingo angawapeze. Mng'ono wanga naye ankavomera, machesi ankachita kupereka yekha. Uchitsiru umenewo ndinamuuza kangapo konse, koma pa buku lachinayili m'pamene anagalamuka.

Patapita masiku anayi anandipeza kumjigo.

"Achemwali, mawa mundiperekeze ku Limbe. Ndikufuna ndikaonane ndekha ndi wotaipa uja."

"Alamu akudziwa?"

"Akanadziwa bwenzi ndikukuuzirani kumjigo?"

Tinapita. A Lajabu tinawapeza m'kachipinda kuseri kwa msika, muli taipi imodzi, makina a fotokope otentha ngati mbaula, ndi mapepala mpaka kudenga. Nester anamasula chitenje n'kuika makope atatu patebulo.

"Ndine mkazi wa a Kalinde a ku Chiradzulu. Ndabweretsa buku lachinayi. Koma pachikuto mulembe Nester Mathero."

A Lajabu anayang'ana makope, n'kuyang'ana Nester, n'kuyang'ana ine ngati ndine ndamutuma.

"A Kalinde adwala?"

"Ali bwino."

"Ndiye mwayambana. Mayi, ine za m'banja sindilowerera. Ndikatulutsa buku la a Kalinde ndi dzina lina, mawa andipeza pano ndi apolisi."

"Si lawo. Ndalemba ndine. Ndi atatu enawo ndinalemba ndine."

Bambo aja anaseka mpaka chipewa kupendekeka. Nester sanaseke. Anatola kabuku kachitatu kamene kanali patebulo pomwepo, kotchedwa "Ruqaiya ndi Timoti", ka mtsikana wa Chisilamu wokondana ndi mnyamata wa Chikhristu.

"Patsamba 18 munadumpha ndime yonse, pamene Timoti akukonza tcheni cha njinga ya Ruqaiya. N'chifukwa chake owerenga amadabwa kuti manja ake adera pati. Tayang'anani m'kope limene anakupatsani."

A Lajabu anafufuza m'kabati, anatulutsa kope la dzanja la alamu, anatsegula, anayendetsa chala. Ndime inalimodi. Anakweza maso n'kuti, "Amuna anu amakuwerengerani bwino, eti?"

Abale inu, ndinayang'ana sitepulala yawo yomangira timabuku, mtima ukuti itenge uwagende nayo.

"Chabwino, tiyerekeze n'zoona," anatero akutseka kope. "Mverani malangizo aulere. Ntchito imeneyi ndi yowawa kale. Makampani akuluakulu za chikondi safuna n'kumva komwe, iwo ndi mabuku a sukulu basi. Masitolo a mabuku salandira timabuku ta sitepulala. Mukagulitsa kamodzi, kawerengedwa ndi kalasi yonse mpaka kuthetheka, wina n'kukakachita fotokope n'kumagulitsa iyeyo. Pamwamba pa zonsezo muikeponso dzina la mzimayi? Abambo sagula, atsikana aopa kupezeka nako. Dzina la a Kalinde layenda kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi."

"Fodya ameneyo ali pamphuno pa wina."

"Bwerani ndi amuna anu adzanene okha pamaso panga. Apo ayi, pepani."

M'minibasi pobwerera Nester anakumbatira makope aja. Ndinamugulira nthochi pa Nguludi, anafika nazo kunyumba osadya.

Sabata yotsatira, Lachitatu, m'pamene zinaphulika, ndipo zinaphulikira m'nyumba mwanga.

Mwana wanga Thandie anali ndi mimba yoyamba, ya miyezi isanu ndi umodzi. Tinali titangomuchitira litiwo, mwambo uja amayi okhaokha timatsekera m'nyumba mtsikana wa mimba yoyamba n'kumulangiza. Za m'menemo sizituluka. Amuna athu amene tagona nawo mphasa imodzi zaka makumi awiri sazidziwa, ndipo pano musayembekeze kuti ndizinena.

Tsikulo Thandie anapita kusikelo ku Mauwa. Anabwera dzuwa lili pamutu, akulira ngati wamva uthenga wa maliro, khadi la kusikelo atalifinya m'manja.

"Mwanawe, n'chiyani? Anesi akuti bwanji?"

"Si anesi, amayi. Abambo a njinga aja a pasiteji akundiimba."

"Akukuimba chiyani?"

Anandinong'oneza kukhutu. Inali nyimbo ija timaimba pomaliza, mtsikana atagwada pakati pathu. Mawu ake enieni, osaphonya ndi limodzi lomwe. Anthu aamuna, pamsewu, masanasana, akuwomba m'manja, wina atalowetsa chipewa m'malaya kuti chioneke ngati mimba n'kumavina kutsogolo kwa mwana wanga, amayi onse a kusikelo akuona.

"Ayitenga kuti?"

"Akuti ili m'buku la bambo aang'ono a Kalinde, tsamba 41. Wina amawerenga, enawo n'kumapeka kaimbidwe. Amayi, ine kusikelo sindidzapitanso."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, mabuku a mng'ono wanga sindinawerengepo. Ndinathamangira kumunda chitenje chili m'manja. Ndinamupeza akupalira chinangwa.

"Nester! Patsamba 41 pali chiyani?"

Khasu linamupulumuka.

"Achemwali..."

"Usandichemwalitse! Thandie wamuvinira mwamuna pamsewu ndi nyimbo ya m'nyumba ya mwambo. Yafika bwanji papepala?"

Anakhala pansi pamzere pomwepo, manja ali pamutu.

"Ruqaiya anali ndi mimba yoyamba, mayi ake atamukana chifukwa chokwatiwa ndi Mkhristu. Amene anamuchitira mwambo ndi amayi a kuchimuna. Ndinalemba kawiri popanda nyimbo ija, zinali zozizira ngati ndiwo zopanda mchere. Nditaiikamo, ine ndemwe ndinalira. Ndinati ndi mizere itatu yokha, angaizindikire ndani?"

"Angaizindikire ndani! Amayi onse a dera lino anagwadapo pa nyimbo imeneyo, iwe ukuti angaizindikire ndani?"

"Ndinalakwa, achemwali."

"Unalimba mtima poti pachikuto panali dzina la wina. Tandiuza, likanakhala lako ukanalemba?"

Anayang'ana dothi.

"Ayi," anatero.

Dzanja linandiyabwa, sindinama. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wolakwa ndi mng'ono wanga wa bere limodzi, wolira ndi mwana wanga wobala ndekha. Ndinalavula pansi n'kubwerera kunyumba.

Nkhani inafika kwa mayi Latifa tsiku lomwelo, poti amagulitsa tomato pafupi ndi siteji yomweyo. Mayi Latifa ndiwo anamkungwi athu. Asilamu ndi Akhristu omwe, tonse a kuno tinadutsa m'manja mwawo. Si nkhalamba ayi, ndi mayi wa thupi lake, woti akakuwa pamsika agalu amathawa. Analanda kabuku kaja kwa wa njinga wina, anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa mpaka kwa amalume athu a Stefano, eni mbumba. Amalume anati nkhani ikambidwe Loweruka m'mawa pakhomo pawo.

Lachisanu alamu anandiitana kuti ndikakhale mboni. Ndinawapeza akhala pampando, Nester ali pamkeka.

"Alamu, ndithandizeni kumuuza mng'ono wanuyu. Nkhaniyi ndi yaing'ono. Mawa angonena kuti lilime linaterereka kuchipinda, anandiimbira mwangozi, ine posadziwa kuti n'zoletsedwa n'kuika m'buku. Apepese, tipereke nkhuku, zithe. Kenako lachinayi lituluke msanga, poti panopa dzina lamveka. Dzulo pa Mauwa anthu amalimbirana lachitatuli ngati feteleza."

"Mwana wanga akulephera kutuluka m'nyumba, inu mukuti dzina lamveka?"

"Ayi alamu, sindikutanthauza choncho. Ndikuti poti zachitika kale..."

"Ndiye ine ndisenze mlandu, inu musenze dzina," anatero Nester, mawu ali pansipansi.

"Banja limayenda choncho, amake Tadala. Mutu umodzi susenza denga."

"Mawa tikaona."

"Mwavomera?"

"Ndati mawa tikaona."

Loweruka amayi anabwera ochuluka kuposa a pa chinkhoswe, anadzaza mikeka mpaka ena kukhala pa zitenje zawo. Amuna analipo atatu okha: amalume, alamu, ndi nkhoswe ya alamu yochokera kwa Likoswe, imene sinatsegule pakamwa mpaka kumapeto. Alamu anabwera atamanga tayi. Thandie anakhala pambali panga maso atatupa, Nester mbali inayi.

Mayi Latifa anaimirira, kabuku kali m'manja.

"Mawu ali patsambali sindiwatchula pamaso pa abambo. Amayi mukuwadziwa. A Kalinde, dzina lili pachikutoli ndi lanu?"

"Ndi langa, mayi."

"Munalemba ndinu?"

"Ndine ndithu. Koma pali pofunika kufotokoza. Amake Tadala, auzeni anthu mmene zinakhalira."

Nester anayang'ana pansi.

"Amake Tadala!"

Nester sanadzutse mutu.

"Musiyeni mwanayo," anatero mayi Latifa. "Nester ndinamulangiza ndine, ndimamudziwa, ngwamanyazi. Mkazi angathe kutereretsa liwu limodzi kuchipinda, koma osati mizere itatu yathunthu, ndi mmene timakhalira, ndi mmene timawombera m'manja. Izi wina anachita kubisala kuseri kwa nyumba ndi cholembera chake chapathumbacho. Bambo wamkulu, wa ndevu, kusuzumira pamwambo wa amayi kuti apeze zogulitsa pamsika! A Stefano, mkamwini wanuyu watinyera m'chitsime. Nkhuku sitikufuna. M'mudzi muno achoke. Akapanda kuchoka, amayi a kuno sitidzapondanso pa mwambo, pa ukwati kapena pa maliro a mbumba yanu."

"Achoke!" anavomereza amayi.

Amalume anakanda mutu. Ndi munthu wofatsa, koma mbumba yopanda amayi odzaiphikira pamaliro si mbumba.

"Mwamva nokha, a Kalinde. Munabwera kuno ndi chikwama. Nyumba ndi munda nza mbumba. Dzuwa la mawa likakupezeni kwa Likoswe."

Alamu anaimirira, thukuta kamukamu, tayi ija akuikoka ngati ikuwanyonga.

"Dikirani! Amalume, dikirani! Sindinalembe ndine! Ine sindinalembepo buku ndi limodzi lomwe! Amalemba ndi akazi angawa!"

"Hede! Ulu!" Amayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa.

"Posachedwapa mwati ndine ndithu," anatero mayi Latifa. "Zaka zitatu mwamwa mowa waulere chifukwa cha dzina limeneli. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bambo."

"Tinkakuonani ife," anakuwa mayi wina kumbuyo. "Mumakhala pakhonde dala ndi makope anu kuti odutsa akuoneni mukulemba!"

"Ndinkangokopera!"

"Nanga a akazi anuwo ali kuti?"

"Tina... tinaotcha."

Chiseko chinakula. Msampha anautchera okha, zaka zitatu akuukonza bwinobwino, lero unawagwira mwendo. Anatembenukira kwa ine.

"Alamu, inu mukudziwa zoona zake! Nenani!"

Ine ndinayang'ana mtengo wa mango wa amalume ngati ndikuwerenga masamba. Kenako bambo aja anagwada, mawondo a buluku la kutchalitchi m'fumbi, pamaso pa mkazi wawo.

"Nester, chonde. Ndipita kuti ine? Nena zoona."

Ndinamutsina mng'ono wanga pantchafu n'kumunong'oneza.

"Khala chete. Apite. Iwe utsala woyera."

Inde, ndinatero, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinali nditamukwiyira, koma ndinkadziwa chimene amayi aja angamuchite.

"Akapita apita ndi mabuku anga, achemwali," anandiyankha chapansipansi. "Mpaka ndidzafe anthu azidzati analemba ndi Kalinde."

"Ndiye ufere pepala?"

Anaimirira.

"Mayi Latifa, ndinalemba ndine."

"Khala pansi, mwana iwe. Tonse tinayamba tabisapo manyazi a amuna athu, koma osati pa nkhani ngati ino."

"Sindikubisa munthu. Mabuku onse atatu ndinalemba ndine, kumunda, pansi pa mango."

"Iwe wa Sitandade 8? Usatichedwetse."

Taonani zinthu zake! Anthu amalimbana kuti mlandu uwachoke, mng'ono wanga ankalimbana kuti umugwere. Anatulutsa m'chitenje makope atatu aja tinapita nawo ku Limbe n'kuwaika pamkeka.

"Ili ndi lachinayi, sanalikopere. Amene mumadziwa dzanja langa pa nyimbo za kwaya, onani. Ngati sizikukwana, mupatseni Thandie kabukuko. Thandie, tsegula paliponse kupatula pajapo, uwerenge mzere umodzi."

Mayi Latifa anakayika, kenako anapereka. Thandie anatsegula osamuyang'ana mayi ake aang'ono, nawerenga ndi mawu osasa.

"Timoti anafika pachigayo thumba lake lili lopanda kanthu."

Nester anatseka maso n'kupitiriza pamtima.

"Analibe chimanga choti agayitse, ndipo anthu onse anaona. Anangoima pamzere kumbuyo kwa Ruqaiya, mzere ukasuntha naye n'kusuntha, mumtima akupempha kuti magetsi azime, aimebe pomwepo mpaka madzulo. Ruqaiya sanacheuke. Koma mayi wina atafuna kulowa pakati pawo, anasuntha dengu lake n'kutseka mpata."

Anapitiriza mpaka tsamba kutha, chala cha Thandie chikutsatira. Ndinaona milomo ya amayi ena ikuyenda limodzi ndi yake, omwe aja amati mabuku otere sawagwira n'komwe.

"Zili choncho?" anafunsa mayi Latifa.

"Zili choncho," anatero Thandie. "Sanaphonye."

"A Kalinde, pitirizani inu tsamba lotsatira."

"Ine ndimangokopera, mayi, sindisunga."

Palibe anaseka ulendo uno. Mayi Latifa anayang'ana Nester nthawi yaitali. Mkwiyo uja unali utachoka pankhope, panatsala chinthu china chopweteka kuposa mkwiyo.

"Iwe? Iwe amene ndinakusambitsa ndi manja angawa?"

"Ine. Palibe anasuzumira, palibe amene ndinamuimbira. Ndinaitenga ndekha m'nyumba ya mwambo n'kuiika papepala, poti ndinkadziwa kuti pachikuto sipali dzina langa. Ndinalakwira inu, ndinalakwira amayi nonse."

Anayenda chogwada mpaka pamene panali Thandie.

"Mwana wanga, ndakuvula pamsewu ndine. Pepa."

Thandie anaika kabuku pansi n'kutembenukira kumbali.

"Akanakhala mwamunayu, akanangochoka nkhani n'kutha," anatero mayi Latifa, mawu atatsika. "Koma iwe ndiwe wa m'kati. Kukuthamangitsa sitingathe, mudzi uno ngwako. Koma kuyambira lero m'nyumba ya mwambo sudzalowanso. Tsiku limene Tadala wako adzagwade pakati pathu ndi mimba yake yoyamba, iwe udzakhala panja pamodzi ndi abambo."

Mayo ine! Kwa mayi wobala mwana wamkazi mmodzi yekha, chilango choposa chimenecho palibe. Misozi inandigwa ndisanadziwe. Koma Nester anangoti, "Ndamva."

"Ndipo tsamba limenelo lichoke m'buku lililonse."

"Ndichotsa ndekha."

Alamu anadzuka akusasa fumbi m'mawondo. "Mwaonatu, ndimanena ine," anatero akuyang'ana uku ndi uku. Palibe anawayang'ana, ngakhale nkhoswe yawo yomwe.

Alamu anakhala m'mudzimo masiku asanu okha. Abambo a pasiteji omwe aja ankawagulira mowa anayamba kuwaitana kuti a Fotokope. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anamanga chikwama panjinga, akuti akukaona mayi awo amene sakupeza bwino kwa Likoswe. Mayi awowo mpaka lero sanachire.

Nester anatsala ndi makatoni awiri a timabuku tosagulitsa. Ndinkamuona pakhonde pake akudula tsamba 41 ndi lezala, kabuku kamodzikamodzi. Akatero ankang'amba kapepala m'kope, kulembapo dzina lake, n'kukamata ndi phala la chinangwa pamwamba pa "F. Kalinde". Anayendanso m'makomo kupempha amene anagula kale kuti adule tsambalo. Ena anamupatsa, ena anamutsekera chitseko. Kumjigo akafika amayi ankasiya nkhani. Akwaya anamutumizira uthenga kuti ayambe wapuma kaye. Ine m'nyumba mwake sindinkalowa, moni sindinkamupatsa. Ndikanamupatsa bwanji, Thandie akuzungulira njira ya kudambo popita kusikelo kuopa siteji?

Tsiku la msika ku Mauwa Nester anasenza katoni pamutu, poti njinga inapita ndi mwini wake. Anayala chiguduli moyang'anizana ndi pamene ine ndimagulitsa anyezi, nandandalika timabuku take. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, palibe anaima. Amayi ankadutsa akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege. Timabuku tomwe tija anthu ankalimbirana tili m'manja mwa mwamuna!

Amene anaima woyamba anali bambo wina wogulitsa makala, akumwetulira mbali imodzi.

"Mayi, zimene mumalembazi mumaphunzitsanso? Ndilembetse."

Ndinangozindikira ndaimirira, anyezi ali m'manja.

"Choka apo, galu iwe! Kaphunzitsidwe ndi mlongo wako!"

Anachoka akuseka. Nester anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Musaganize kuti ndinali nditamukhululukira.

Cha m'ma 2 koloko panatsika mayi wina m'minibasi, wachilendo, wa chikwama chapaphewa ngati mphunzitsi. Anaima, anatola kabuku, anayendetsa chala pa kapepala komata kaja.

"Nester Mathero," anawerenga mokweza. "Si paja timabuku timeneti ndi ta a Kalinde? Nanga ameneyu ndiye ndani?"

Ogulitsa onse a mzere wathu anasiya zochita. Mayi Latifa, pa tomato wawo, anaima mbale ili m'manja. Ndinaona zala za mng'ono wanga zikufinya mphepete mwa chiguduli.

"Ndine," anatero, mawu osamveka bwino.

"Mwati?"

Anadzutsa mutu.

"Ndati ndine. Ndinalemba ndine."

Kaya mayiyo anagula kaya sanagule, sindinaone. Ndinali nditawerama, ndikukonza milu ya anyezi yokonza kale, kuti anthu asaone nkhope yanga.